Kompyuta inandiuza kuti ndifunditse mwana

Izi ngakhale bambo a kunyumba sindinawauzepo, koma ndi zoona, zinandichitikira ndikugwira ntchito ku ofesi ya alimi a mbatata ku Lizulu. Ndinali ndi khanda loyamba, wondilerera panalibe, ndiye ndinkabwera nalo mobisa n'kuligoneka pa chitenje m'kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu ija yosunga zonse za ofesi. Mkokomo wake unkamugonetsa bwino mwanayo kuposa ine mayi wake.

Tsiku lina pulogalamu yathu inayamba kumangozima. Kukoleji anatiphunzitsa kuti osafufuza vuto pa seva yeniyeni, koma kupanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwake, kuti ukaononga uononge yoyerekezayo. Ndinaipanga, ndipo poti ndine munthu wankhawa, ndinachonga kabokosi kalikonse kuopa kusiya kofunika: intaneti, kamera, zolowera patali, zonse. Ukamachita mantha umawerenga ngati?

Masana ndikuyamwitsa, ndinangoona kamuvi kakuyenda kokha pa sikirini, manja anga onse ali pa mwana. Kanatsegula polembera, zilembo n'kuyamba kutuluka chimodzichimodzi, zonena kuti mwanayo ndimufunditse, m'chipindamo mukuzizira. Ndani akundionera mwana wanga, ndipo akumufuna chiyani? Ndinamukumbatira n'kuthawa opanda nsapato, kudutsa msewu, ndipo mukudziwa kuti ku Lizulu ukaoloka msewu wafika ku Mozambique. Amayi ogulitsa kabichi anandikhazika pa thumba n'kundifunsa ngati kwagwa maliro, ine n'kumangoti kompyuta yalankhula.

Kenako foni inalira. Anali abwana athu a ku Lilongwe, mayi amene ndinawapempha ndekha m'mawa kuti andithandize. Ndi iwo amene analemba zija: analowa m'kompyutamo kudzera pa zolowera patali zimene ndinachonga zija, kamera n'kuwaonetsa zonse. Mumtima ndinati basi ntchito yatha. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti nawonso analerera ana awo kuseri kwa desiki, koma ndizimitse kamerayo msanga, chifukwa mmene analowera iwo akanalowanso wina.

Lero ndimakhulupirira kuti wondiopseza ndinali ndekha, ndiye anzanga, musamachonge chimene simunawerenge. Abwanawo anati akhala chete, inenso ndinakhala chete, mwana n'kukulira m'kachipinda komweko mpaka kuyamba kukoka mawaya. Bambo ake mpaka pano amati ankatsala kwa anansi. Kodi ndinalakwa kuwabisira?