Apongozi pa Tebulo la M'sitima

Amayi anga ndi amuna anga anatha zaka zoposa makumi awiri asanadyerepo pamodzi. Sikuti ankadana, ayi ndithu. Kwathu ku Dedza mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana: sayang'anana m'maso, sadyera malo amodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Anthu ambiri a m'tauni anazisiya kalekale zimenezi. Koma ine ndi mwayi wangawu ndinabadwa kwa mayi wosunga mwambo, n'kukwatiwanso ndi mwamuna wosunga mwambo kuposa apongozi akewo.

Bambo anga atamwalira, tinawaitana Amayi kuti adzapumeko kuno ku Dublin kwa miyezi itatu. Mwana wathu anali atapita kuyunivesite, choncho chipinda chake chinali chopanda munthu. Nyumba yathu ya ku Lucan ndi kafulati kam'mwamba, ndipo kanjira kake ka m'kati n'kopapatiza koti anthu awiri sangadutsane osakhudzana mapewa. Tchire lopatukira mulibemo. Amuna anga akangomva masilipasi a Amayi akubwera, ankalowa chitseko chilichonse chimene chinali pafupi. Tsiku lina ndinawapeza m'kachipinda kosungiramo matsache, ataima njo mumdima, kapu ya tiyi ili m'manja.

Moni ankapatsana kudzera mwa ine. Amuna anga ankanjuta pakhomo la pabalaza, n'kuomba m'manja chapansipansi, maso ali pa kapeti.

"Muwafunse ngati adzuka bwino."

Amayi, amene anali pampando pomwepo ndipo amva zonse, ankatembenukira kwa ine.

"Uwauze ndadzuka, kaya iwo."

Poyamba ndinkaseka. Koma nkhani inali pa chakudya chamadzulo. Ine ndine namwino pachipatala chachikulu cha ku Beaumont, ndimakhala choimirira tsiku lonse, kenako n'kudzalimbana ndi mzere wa magalimoto pobwerera ku Lucan. Ndikafika ndinkadya ndi Amayi kuti asadye okha ngati mkaidi. Iwo akalowa kuchipinda, amuna anga ankatulukira, ine n'kukhalanso pansi kuti nawonso asadye okha. Theka uku, theka uko, ndipo konseko sindinkakhuta. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti amuna angawa amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Santry. Tsiku lonse amadyetsa ndi supuni azimayi achizungu a msinkhu wa Amayi, kuwapesa, kuwapukuta pakamwa, kuwaimbira nyimbo. Koma apongozi awo enieni, kuwaona akutafuna, ati n'kulaula.

Mlendo ndi mame. Masiku ankatha, ndipo Amayi anali atanena kale kuti ulendo wa pandege uwu ndi woyamba ndiponso womaliza, miyendo yawo singapirirenso kukhala kotalika chonchija. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha asanabwerere: kukhala pa tebulo limodzi ndi anthu awiri amene ndimawakonda, n'kudya kamodzi, mbale yanga yonse.

Nzeru inachokera kwa namwino mnzanga wa kuno, amene amakonda maulendo a sitima zikuluzikulu zapamadzi zoyendamo anthu okasangalala. Anandiuza kuti m'sitima zimenezi amakupatsa tebulo limodzi pa ulendo wonse, banja lonse pamodzi, ndipo madzulo alionse umakhala pomwepo. Mumtima ndinati eya, msampha ndi umenewu. Ndinalembetsa ulendo wa masiku ochepa wonyamukira padoko la ku Dublin konkuno, ndinavutika ndi mavisa a Amayi mpaka zinatheka, ndipo za tebulolo sindinauze aliyense.

Tinauzidwa kuti pa ulendowo padzakhala madzulo amodzi a ulemu, pamene aliyense ayenera kutchena. Amuna avale suti yakuda ndi tayi, akazi diresi lalitali. Majinzi ndi nsapato zothamangira, ayi. Amayi atamva anakwinya nkhope.

"Diresi losonyeza msana ngati la pa TV lija? Ine ndidzagona ndi njala."

Nditawauza kuti zovala za kwanu amalolanso, nkhope inamasuka. Anatulutsa m'sutikesi chovala chawo cha chitenje chobiriwira chokhala ndi duku lake, chimene anasoketsa pa ukwati wa mchimwene wanga, n'kuyamba kuchisita sabata yathunthu ulendo usanafike. Amuna anga anakabwereka suti kwa mnzawo wa ku Zambia amene amagwira naye ntchito, pamodzi ndi katayi kooneka ngati gulugufe. Buluku linali lalifupi pang'ono, koma tinagwirizana kuti masokosi akuda abisa mlanduwo.

Panalinso za dansi. Mnzanga uja anati madzulo a ulemuwo bandi imaimba ndipo anthu amavina awiriawiri, mogwirana. Ine chikwatiwireni ndinali ndisanavinepo dansi yotereyi ndi amuna anga, ndipo ndinkaifuna, sindibisa. Tinkaphunzira kukhitchini Amayi akamapuma masana, foni ili pa firiji, mawu otsitsa ngati tikuba. Bambowa ankawerenga ndi milomo, kundiponda, kupepesa, n'kuyambiranso. Pofika tsiku lonyamuka ankatha kundizungulitsa osagunda chitofu.

Sitimayo inali ngati tauni yoyandama. Tikutuluka padoko, kudutsa machumuni awiri ataliatali ofiira ndi oyera a m'mphepete mwa nyanja, Amayi anagwiritsa chitsulo cha m'mphepete n'kupemphera mokweza ndithu. Amuna anga anati akukaona kumene kuli zinthu, n'kusowa kwa kanthawi. Atabwerera nkhope inali ikuwala ngati munthu amene watola chikwama.

"Anthu awa ndi anzeru," anandinong'oneza. "Dinner amadya ma group awiri. Ena six o'clock, ena half eight. Ndalankhula ndi bwana wa ma waiter, wandisinthira. Inu ndi Amayi six, ine half eight. Sitima imeneyi anaipangira apongozi."

Ndinangogwira pakamwa. Walira mvula walira matope. Ndinali nditawoloka mavuto onse a mavisa kuti ndidzachite pakati pa nyanja zomwe ndinkachita ku Lucan. Madzulo oyamba ndinadya ndi Amayi, kenako ndinatsikanso kukakhala ndi bambowa. Mawa lake chimodzimodzi. Pa tebulo lathu loyambalo tinkakhala ndi mayi wina wachikulire wa ku Cork ndi mwamuna wake, anthu ochezeka kwambiri. Mayiyo ankangoyang'ana mpando wopanda munthuwo, n'kumandifunsa mwachisoni ngati amuna anga akudwala chizungulire cha panyanja. Ndinkangovomera, chifukwa zoonazo ndikanazifotokoza bwanji?

Madzulo a ulemu aja anafika dzuwa likadali m'mwamba, monga zimakhalira kuno m'chilimwe. Amayi atatuluka m'kachipinda kawo ndinatsala pang'ono kulira. Chimwalirireni Bambo ndinali ndisanawaonepo atavala zowala. Duku linali litamangidwa mwaukatswiri, ndipo ankayenda mowongoka ngati alibe vuto la miyendo. Azimayi achizungu ankawaimitsa m'njira kuti ayamikire nsaluyo, iwo n'kumangoti "Thank you, thank you," mwachifumu.

Chakudya chisanayambe, anthu anasonkhana m'holo yaikulu mmene bandi inkaimba. Ndinawakhazika Amayi pampando wabwino wa kutsogolo. Anaonerera kwa kanthawi nkhalamba zikuzungulira pang'onopang'ono, zitagwirana, kenako anandikodola.

"Koma m'chiunomu anthuwa anawaikamo thabwa? Nyimbo yabwinobwino chonchi."

Phazi lawo linali likugunda pansi. Ndinawasiya akuseka okha n'kupita kwa amuna anga, amene anaima patali kuseri kwa chipilala, gulugufe ali pakhosi. Kunena zoona anali ataoneka bwino, mtima wanga unagunda ngati wa mtsikana. Bandi inayamba nyimbo yofanana ndi imene tinkaphunzirira ija. Ndinatambasula dzanja.

Iwo anasuzumira kumene kunali Amayi, n'kubweza manja kumbuyo.

"Apa ayi. Ndikugwireni m'chiuno iwo akuona? Tidzavina akapita kukagona."

Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo amene amandidziwa amadziwa. Koma tsiku limenelo sindinakuwe. Ndinalankhula motsitsa, mano ali ogwirana.

"Mverani bambo. Ine ndatopa. Ndatopa kudya kawiri, ndatopa kukhala foni yanu. Lero ndidya kamodzi, six o'clock, pa table yomwe ija. Mukafuna bwerani, mukapanda kufuna mudye nokha ndi katayi kanuko."

Ndinatembenuka, kukatenga Amayi, n'kulowa nawo m'chipinda chodyera. Matebulo anali atayalidwa nsalu zoyera, makandulo akuyaka, matambula akunyezimira. Weta anawakokera Amayi mpando, n'kuwayalira kansalu pamiyendo. Anthu a ku Cork aja anali atafika kale, bamboyo atavala mendulo zake pachifuwa. Mpando wa amuna anga unali pomwepo moyang'anizana ndi Amayi. Weta anafuna kuchotsa mbale ndi mipeni ya pamalopo monga ankachitira masiku enawo, ine ndinamuuza kuti azisiye.

Amayi si munthu wofunika kumuuza zinthu. Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana mpando uja, kenako maso awo anapita kukhomo. Nanenso ndinacheuka. Amuna anga anali ataima kunja kwa chitseko chagalasi, anthu otchena akuwadutsa uku ndi uku. Sankalowa, komanso sankachoka. Ankangokoka buluku lija kuti litsike.

"Kawaitane," anatero Amayi.

"Sindipita."

Chibadwire changa ndinali ndisanawayankhepo choncho. Koma mawu anali atatuluka kale, ndiye ndinapitiriza.

"Amayi, mwatsala ndi two weeks. Mukakwera ndege ija simudzabweranso, mwanena nokha. Ine ndidzatsala kuno ndikukumbukira kuti mayi anga ndi mwamuna wanga anakhala nyumba imodzi miyezi itatu, osauzana ndi liwu limodzi lomwe. Ngati mukuwafuna, aitaneni nokha."

Mayi wa ku Cork uja, ngakhale sankamva Chichewa, anasiya kupaka batala pa buledi wake. Ndinaganiza kuti ndawononga zonse, kuti Amayi adzuka n'kupita kukadzitsekera, ndipo tidzamaliza ulendowo tonse atatu aliyense kwa yekha. Ndinachita mantha, ndiponso manyazi anandigwira, poti mwambo umene ndinkaupondawo ndi umene iwo anakulira, ndipo kwa iwo unali ulemu, osati nkhanza.

Amayi anachotsa kansalu kaja pamiyendo, anakapinda bwinobwino, n'kukaika pa tebulo. Anadzuka movutikira. Ndinafuna kuwagwira mkono koma anandikankha pang'ono. Anayenda pakati pa matebulo onse aja, duku lili m'mwamba, maweta akuwapatukira, mpaka anakafika pachitseko. Amuna anga atawaona akubwera anayang'ana kumanzere ndi kumanja kufuna kothawira, koma kumbuyo kwawo kunali khamu la anthu ofuna kulowa. Anangovula manyazi n'kunjuta pomwepo, suti yobwereka ili m'thupi, manja ali pamodzi. Amayi anaima chapatali pang'ono, nawonso anapinda mawondo mmene miyendo yawo ikanalolera, nkhope atayang'anitsa kumbali. Milomo yawo inagwedera. Zimene ananena sindinamve, ndipo mpaka lero onse awiri amakana kundiuza.

Anabwerera Amayi ali patsogolo, amuna anga akutsatira m'mbuyo ngati mwana wopita kukabatizidwa. Bambo wa ku Cork anaimirira n'kuwagwira chanza mwamphamvu, kuwayamikira kuti achira. Amuna anga anakhala pansi, maso ali pambale yopanda kanthu. Amayi nawo maso pa yawo. Weta anabweretsa kambale koyamba, kansomba kapinki ndi masamba, n'kutiikira aliyense. Palibe amene anagwira kanthu.

Kenako Amayi anakonza pakhosi. Sanatembenukire kwa ine. Anakweza maso pang'ono chabe, mpaka pa gulugufe uja.

"Bambo," anatero, "mafoloko achulukawa, woyambira ndi uti?"

Amayi anali atadya pa tebulo limenelo masiku awiri, ndipo mafolokowo ankawadziwa bwino kuposa ine.

Mawu a amuna anga anatuluka aang'ono, osasa.

"Wakunjayo, Amayi. Timayambira wakunja."

"Zikomo, mwana wanga. Tiyeni tidye."

Onse awiri anatola mafoloko awo n'kuyamba kudya. Ine nsomba yanga sindinkaiona bwino, misozi inali itadzaza m'maso. Mayi wa ku Cork anandipatsira kansalu kake pansi pa tebulo, ndipo weta anadikira mpaka nditamaliza mbale yanga yonse.