Makope Atatu a Achimwene

Ndinadzuka kusanache, chifunga cha m'mapiri a Ntchisi chitakuta mudzi wonse. Amayi a Mvano anali atasasa mawu ndi nyimbo zachezera, ena akusonkha moto kuseri kwa nyumba. Linali tsiku loika maliro a achimwene anga, koma ine mtima unali pa makope awo atatu, omwe anasowa patebulo.

Achimwene ankaphunzitsa sayansi kusekondale, uku akuchita maphunziro a nyenyezi. Ankati m'mlengalenga muli chinthu chosaoneka, chosawala, chochuluka kuposa zonse timaonazi. Tizidutswa take tikakodwa m'nyenyezi, mwina timanyamula kutentha kwa pakatikati n'kukatula chakunja, ngati munthu wopala moto kupita nawo kwawo. Ine ndinkawaseka kuti adzapenga nazo. Masamu onse a nkhaniyi anali m'makopemo basi. Ali m'chipatala anandigwira dzanja, amvekere: "Iwe, ukawapereke kwa aphunzitsi anga kuyunivesite. Asatayike."

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kukhamukira, panjinga ndi pamalole, a ku Malomo mpaka a ku Bowe. Ndinakokera azakhali pambali n'kuwafunsa za makopewo.

"Taika m'bokosi, kumutu," anatero. "Munthu amapita ndi chimene ankakonda. Anena ndi amayi ako."

Mayo ine! Kukatsutsa mayi wofedwa pagulu, ndani angayerekeze? Ulaliki wonse unangondipita pamwamba. Adzukulu atabwera kudzanena kuti manda atha, ndinadziwa kuti nthawi yandithera.

Nthawi yoona nkhope ndinali pambuyo pa amayi. Ndinagwada ngati ndikulira, ndipo ndinkaliradi, n'kupisa dzanja pansi pa nsalu. Mutu wa achimwene unali wozizira. Ndinasolola makopewo n'kuwalowetsa m'chitenje. Mkulu wina wa mpingo anaona, koma anayang'ana kumbali. Bokosi linakhomedwa.

Tinakwera chitunda cha kumanda mphepo ikuomba, nyimbo zikumveka patsogolo. Ine manja ali pamimba njira yonse, kuopa kuti makope angagwe anthu akuona. Dothi ndinaponya ndi dzanja limodzi.

Madzulo, ambiri atabalalika, m'nyumba munali zii. Amayi anakhala pamphasa, atatsamira khoma, miyendo ili tambalale.

"Ndinakuona," anatero, osandiyang'ana.

Ndinayamba kufotokoza zimene achimwene anandiuza m'chipatala, koma anakweza dzanja.

"Kapereke. Koma udziwe kuti mwana wanga wapita chimanjamanja."