Njerwa Zogwa Kumwamba

A Levulo anamanga nyumba zaka makumi anayi, ndipo palibe khoma lawo limene linang'alukapo. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Anaputa okha, chifukwa cha khalidwe lawo loyenda ndi levulo, kachida kopimira kuwongoka kwa khoma, paliponse, ngakhale kokacheza. Munthu wanji wofika pakhomo pa eni, asanalonjeredwe n'komwe, wayamba kale kupenda khoma ndi diso limodzi? Ena ankati n'chipongwe, iwo ankati n'kukonda ntchito.

Ndiye tsiku lina m'mawa, akumanga kachipinda kuseri kwa nyumba yawo yomwe, dzanja lamanja linangoti lobodo, mpeni womangira n'kugwera m'matope. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo unachira, pakamwa panawongoka, koma dzanja linatsalira m'mbuyo. Khoma lija linaima pomwepo, lolekeza m'chiuno, chingwe chili chimangire.

Atangotuluka m'chipatala, mkuluyu anazemba kukagwira njerwa, n'kugwa chagada pamulu wa mchenga. Akazi awo sanalankhule zambiri. Anatolera mpeni, levulo, sikweya ndi nyundo, anaponya m'bokosi lachitsulo, anakhoma loko, kiyi n'kumuvala m'khosi.

"Mayi, zida zanga zimenezo," anatero a Levulo.

"Ndikudziwa, bambo. Inunso ndinu wanga. Sindikufuna kukutolani kawiri."

Namwino anali atanena kuti zala zofookazo zizigwira ntchito tsiku ndi tsiku. Tsono mayiwa anali ndi kagemu pafoni pawo, kamene anakaphunzira pabenchi la kuchipatala, masabata atatu aja ankadikira kuti amuna awo atsegule maso bwinobwino. Anawaikira foniyo m'manja.

"Mukuona nambala ili pamwambayi? Mapointi 30,000, anga amenewo. Tsiku limene mudzandipitirire ndi dzanja lodwalalo, kiyi ndi wanu. Mwezi ukatha musanatero, mkamwini wanu abweretsa mmisiri wina adzamalize khomali mvula isanagwe."

Mmisiri wina! Pakhoma la a Levulo! Kunali bwino akanangowatukwana.

Gemuyo sinali yovuta kuimva. Tizidutswa tamitundumitundu tinkatsika kuchokera pamwamba pa galasi, kamodzikamodzi, ndipo munthu ankatikankhira uku ndi uku, n'kumatitembenuza tisanafike pansi. Mzere ukadzaza kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, popanda bowo, unkazimiririka. Mulu ukakafika kudenga, masewera atha. A Levulo anatipatsa mayina tsiku loyamba lomwelo. Kakatali kowongoka anakatcha lintala. Kofanana mbali zonse, buloko. Tiwiri topindika, masikweya. Kokhala ndi mutu pakati, nyundo. Tiwiri tina tokhotakhota anati ndi njerwa za woumba woledzera, ndipo tikatulukira ankatsonya.

Chimene chinawapweteka mtima poyamba n'kuzimiririka kwa mzere. "Aa! Ndamanga bwinobwino, wina n'kudzagumula?" Mayi anaseka mpaka misozi, n'kuwauza kuti malipiro ake ndi omwewo. Mzere umodzi unkapatsa mapointi 100, iwiri pamodzi 300, itatu 500, inayi 800, ndipo tizidutswa tikayamba kuthamanga, mapointi ankachulukanso.

Apa m'pamene panagona vuto. Mmisiri aliyense amadziwa kuti njerwa imakhala pamwamba pa mpata wa ziwiri zapansi pake. Mipata ikangoyang'anizana, kuchoka pansi kufika pamwamba, khomalo lang'aluka kale, likungodikira tsiku. A Levulo anathamangitsapo anthu pantchito chifukwa cha zimenezi. Ndiye pagalasi paja, akangoona kampata kowongoka kakuyamba kutalika, chala chinkathamanga chokha kukakavundikira. Ankamanga khoma lolukana, lokongola, loti nyumba ingakhalepo zaka zana. Koma ankangodya kamzere kamodzikamodzi, ndipo mapointi awo sankapitirira 6,000.

"Taonani kuno, bambo," anatero mayi tsiku lina pakhonde, atawalanda foni. Anaunjika mbali imodzi, n'kusiya ngalande yowongoka m'mphepete, yakuya mizere inayi. Anadikira. Lintala itatulukira anaiimika chilili, n'kuiponya m'ngalandemo. Psiti! Mizere inayi inapita nthawi imodzi.

"Chimenecho si chimango, mayi. Ndi ngozi."

"Ngozi yanga ili ndi 30,000. Chimango chanu chili ndi zingati?"

Anayesa, osati sanayese. Ankaluma mano n'kusiya ngalande ija, mzere woyamba, wachiwiri. Pofika wachitatu thukuta lili kamukamu, kenako chala chija n'kuvundikira. Zaka makumi anayi sizichoka m'dzanja chifukwa choti mkazi wanena.

Masana aliwonse dzuwa likapendeka, tulo tinkawaba pampando wa pakhonde, foni ili pamimba. Ndiye njerwa zinkayamba kugwa kumwamba. Zinkatsika pang'onopang'ono, zopanda phokoso, zofiira, zachikasu, zobiriwira, zikutembenuka zokha m'malere pamwamba pa madenga ndi mawaya a magetsi. Iwo ankayenda m'misewu ya m'maloto ija, manja onse awiri ali amoyo, n'kumaziwakha. Ankaona nyumba zonse zimene anamanga zitandandalika msewu umodzi: sitolo ya pakona, kalasi ya ana, kanyumba ka mayi wamasiye kamene anakamanga Loweruka lokhalokha. Akaika njerwa yomaliza, mzere unkawala n'kuzimiririka, nyumba n'kutsika pang'ono, mpaka anthu a m'katimo ankaoneka atakhala pamipando yawo pabwalo, akumwa tiyi, osadabwa n'komwe. Sizinkaopsa ayi. Zinkangowasiyira chisoni chofewa, chimene ankadzuka nacho.

M'maloto momwemo ndi mmene anakumbukira ntchito ina yakale. Njerwa ikafumbwa pakati pa khoma, pansi pa windo, sugumula khoma lonse. Umaigogomola, pamatsala bowo lokhala ndi denga lake. Yatsopanoyo siingalowe mowongoka. Umailowetsa chammbali, mphuno kaye, ikafika pakhomo pa bowolo n'kuipotoza ndi dzanja, imvekere khwe, yakhala.

Anadzuka, anapukuta dovu, anatenga foni. Khoma lawo lolukana lija linali ndi mabowo otero ambirimbiri, amene mayi ankati ndi manda a mapointi. Nyundo itatulukira, anaitsitsa chammbali mpaka inagunda pansi, pakhomo pa bowo. Inkaoneka kuti yafika, palibenso kolowera. Isanaume, chala chachikulu cha dzanja lodwala lija chinadina potembenuzira. Nyundo inazungulira pamalo pomwepo n'kulowa pansi pa kadenga kaja. Mizere iwiri inapita, ndipo foni inalira kaliridwe kena kachilendo. Mapointi 1,200!

"Mayi! Tabwerani, mayi!"

Mayi anatulukira ndi thovu la sopo m'manja, akuganiza kuti agwanso. Ataona, anakana. Anati foni yasokonezeka. A Levulo anabwereza kachiwiri, mayi ali chiimire, madzi akudontha m'zigongono.

"Mizere iwiri yokha, kuposa inayi yanga? Chimenechi n'chinyengo."

"Ndi luso, mayi. Foni yanuyi imadziwa mmisiri."

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde panali ntchito. Anaphunzira kumanga kadenga dala, n'kusiya bowo la mutu wa nyundo pansi pake. Anazindikira kuti kadenga kakakhala kumanzere nyundo imafuna kutembenukira kwina, kakakhala kumanja kwinanso, ndipo ukalakwitsa imakakamira pamwamba n'kutseka zonse. Anaonanso kuti ukapotoza kawiri motsatizana, osadyapo kamzere wamba pakati, foni imawonjezera kenakake. Ngakhale njerwa za woumba woledzera zija anazipezera ntchito, zinkapanga madenga abwino. Nambala inakwera, 11,000, kenako 19,000, kenako 26,000. Kuseri kwa nyumba, udzu unayamba kumera pamulu wa mchenga, ndipo mitambo inkachita kuunjikana madzulo alionse. Mkamwini anabwera kamodzi ndi tepi kudzayeza khoma. A Levulo anamuyankha moni akuyang'ana kumbali.

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, chakumasana, nambala ya mayi inatsika n'kukhala yachiwiri. Pamwamba panalembedwa 31,400. A Levulo sanakuwe. Anangoitana mwaulemu, n'kutambasula dzanja.

Mayi anayang'ana foni, anayang'ana dzanjalo. Nkhope yawo sinali ya munthu woluza masewera, inali ya munthu amene akuopa. Anavula kiyi m'khosi pang'onopang'ono n'kuwapatsa.

Loko anavuta, koma chala chachikulu chinali chitaphunzira kupotoza. Fungo la simenti yakale linatuluka m'bokosi, ndipo a Levulo anatola zida zawo. Anapita kuseri, mayi akuwatsatira. Mayi omwewo ndi amene anakanya matope pang'ono m'beseni, osafunsa kanthu. Mkuluyu anagwira mpeni wake, chigwiriro chake chosalala chija, anatapa matope, anakweza.

Mpeni unapendekeka, n'kugwa.

Anautola. Anatapanso, pang'ono pokha. Unagwanso, matope n'kuwagwera paphazi. Kachitatu sanafike n'potapa pomwe. Kudina galasi ndi kunyamula matope ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mwezi wonse uja panalibe amene anafuna kunena zimenezi. Anakhala pansi pamulu wa njerwa, dzanja lili pabondo, n'kulira ngati mwana, mosabisa.

"Munkadziwa, mayi."

"Ndinkadziwa, bambo. Namwino anandiuza. Koma munali mutasiya kudya, mutasiya kuyankhula. Ndimafuna muzidzuka m'mawa muli ndi chochita."

Kamphepo konunkhira mvula kanadutsa, chingwe cha pakhoma chija n'kumanjenjemera. Kenako mayi anamanga chitenje mwamphamvu, anatola mpeni uja, anaupukuta. Anatapa matope n'kuwapaka pakhoma mokhala ngati akupaka batala pabuledi, anatenga njerwa, n'kuikhazika ndendende pamwamba pa inzake, mpata kuyang'anizana ndi mpata.

A Levulo anadzutsa mutu. Misozi ili m'masaya, diso limodzi linatsinzina lokha.

"Iyayi, mayi! Iyayi! Ngalande zanu zija musabwere nazo kuno. Isunthireni kumanja. Pakati pa ziwirizo."

"Apa?"

"Pang'ononso. Tsono itembenuzeni, mbali yosalala iyang'ane kunja. Eya. Igogodeni ndi chigwiriro."

Anaimirira, anatenga levulo ndi dzanja lamanzere, anaigoneka pamwamba. Kadontho ka m'galasi kanayendayenda, n'kuima pakati. Anapitiriza choncho, wina pakamwa, wina manja, akukangana pa njerwa iliyonse. Mayi anati mkamwini auzidwe kuti mmisiri wapezeka kale, ndipo ndi wamkazi. Dzuwa likupendeka anafika kumapeto kwa chingwe, mayi n'kukhazika njerwa yomaliza.

Onse awiri anangoima, kuyang'ana, ngati akudikira kanthu. Mzere unali wodzaza kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, wopanda bowo. A Levulo anaugwira ndi dzanja lodwala lija, anausisita. Unali pomwepo, sunazimiririke.

"Kanyaninso matope, mayi," anatero. "Mvula isanatipeze."