Nsapato za Hatchi

Ntchito yanga yomaliza ndisanapume inali yosesa m'khola la mahatchi a mpikisano, kunja kwa tauni ya Wakefield, kutsidya kwa nyanja. Mapepala ake onse ndikusungabe m'sutikesi, ngakhale matikiti a basi.

M'kholamo munali hatchi yaikazi yofiirira. Ikabwera kothamanga inkanjenjemera miyendo, thukuta lili thovu m'khosi. Dokotala wa ziweto ankaitenga magazi isanathamange, n'kudzaitenganso itathamanga. Tsiku lina ndinamufunsa chimene ankafuna m'magazimo. Anati thupi likagwira ntchito yoposa muyeso limakhala ngati likuchita dzimbiri m'kati. M'magazi muli zinthu zoletsa dzimbirilo, koma liwiro lalikulu limazidya. Zikachepa, hatchi amaithirira ufa wa mavitamini m'chakudya, amaichotsa nsapato zake zachitsulo, n'kuisiya kubusa ipume.

Nkhaniyi ndinakaifotokoza kunyumba. Akazi anga ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kunyamula anthu a msinkhu wathu womwewu, ndipo shifiti ya Lamlungu sankaikana. Anamvetsera mapazi ali m'beseni la madzi otentha, akakolo atatupa.

"Ndiye ufawo mudzanditapireko, bambo," anatero.

"Mayi, ufa pawokha sugwira. Dokotala akuti chachikulu n'kupuma."

"Hatchi ili ndi mwini wake woipumitsa."

"Inu mulibe?"

"Ndili ndi mlembi wosunga matikiti."

Zinandiwawa. Nyama ikuyezedwa magazi chifukwa chothamanga kanthawi kochepa, pamene munthu woimirira tsiku lathunthu palibe womufunsa ngakhale kuti mwadzuka bwanji. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzagwa pakhonde la kuntchitoko, ine n'kuuzidwa pafoni.

Lamlungu m'mawa ndinachita zimene ndinaona kukhola. Ndinatenga nsapato zawo za kuntchito, zakuda zofewa zija, n'kuzitsekera m'sutikesi pamwamba pa mapepala. Anafunafuna pansi pa bedi ndi kuseri kwa chitseko, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwandiyesa hatchi?"

"Ndakuyesani munthu wotopa."

Sanakalipe. Mphamvu zokalipira analibe. Anavala nsapato za kutchalitchi, zothina zija, n'kutsika masitepe pang'onopang'ono kukakwera basi. Ndinawaonerera pawindo, manyazi ndi mkwiyo zili pamodzi.

Madzulo anabwera nsapatozo zili m'manja, zidendene zili matuza okhaokha, ena ataphulika. Kuntchito anawauza kuti asabwere mpaka zilonda zitapola. Masiku amenewo anagona ngati mwana, masana omwe, wailesi ikulankhula yokha. Akakolo anaphwa. Ndinaonanso mitsempha ya pamapazi awo imene ndinali nditaiwala.

Mpaka lero zimandinyansa kuti matuza anakwanitsa zimene mawu anga analephera. Zilonda zitapola anatambasula dzanja kufuna nsapato zawo za kuntchito, ine n'kutsegula sutikesi. Koma shifiti ya Lamlungu sanaitengenso. Amati n'chifukwa cha kwaya.