Tsiku Limene Merryn Anaima Kutsogolo

Kwa a Penhall mwana sasankha mawu oimbira. Amawapeza akumudikira ngati dzina la banja. Woyamba kubadwa amatenga fesiti, ndiye mwini nyimbo. Wachiwiri amathira sekondi, wachitatu tenala, ndipo besi ndi ya aliyense amene ndevu zamumerera. Makolo athu ankaimba choncho potuluka m'migodi ya kopa kuno ku Moonta, ndipo ngakhale migodiyo inatsekedwa kalekale, palibe anaonapo chifukwa chosinthira.

Merryn, mdzukulu wanga, anabadwa wachiwiri. Fesiti inali itapita kale kwa mchimwene wake Jory, mnyamata wamtima wabwino koma wamawu ngati chitseko cha khola la nkhosa. Nanga tikanatani? Mwambo ndi mwambo. Choncho Merryn anakula akuyenda m'mbali mwa nyimbo, osapondamo pakati ngakhale kamodzi. Kusukulu anzake akayamba nyimbo ya fuko, iye ankakwera pamwamba pawo n'kumakometsera, mpaka aphunzitsi anaitanitsa mayi ake. Ketulo ikalira kukhitchini, iye ankaithira mang'ombe. Makina ometera nkhosa nawo sankawasiya. Bambo ake ankati mwanayu angathe kuvomera ngakhale galu akamauwa, ndipo tsiku lina anachitadi, galuyo n'kusiya kuuwa chifukwa cha manyazi.

Atamaliza sukulu anapita ku Adelaide kukagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Sanakhalitsemo. Munthu wina wa pa wailesi anamumva akung'ung'udza potsatira kulira kwa firiji, n'kumutenga kuti aziimba nyimbo zotsatsa malonda. Anaimbira matayala a galimoto, makapeti, chakudya cha amphaka. Nyimbo ya matayala ikamveka pa wailesi, kwathu kunkakhala zii, ngakhale wodwala ankasiya kubuula. Aliyense wofuna kunyoza nyimbo ya matayala imeneyo abwere adzanyozere pakhomo panga, tionane.

Kenako anayamba kuimba kumbuyo kwa oimba otchuka. Ntchito imeneyi ili ndi malamulo ake. Umavala zakuda. Umaima kumbuyo pakona, pafupi ndi woimba ng'oma, pamene khutu limodzi limagonthera. Supuma mpweya mwini nyimbo asanapume, sumupitirira mawu, ndipo iye akaphonya, iweyo umamutsatira kuphonyako kuti anthu aziyesa ndi mmene nyimboyo inapekedwera. Tsiku loyamba kuoneka pa kanema, banja lonse linadzaza pabalaza. Chimene chinaoneka chinali chigongono chake chokha, chakumanzere. Tinaimirira tonse n'kuchiombera m'manja chigongonocho, Jory mpaka kugwetsa mbale ya mabisiketi.

Amene anamusunga zaka zambiri ndi Shona Kirkbride, mayi wa nyimbo za alimi ndi oyendetsa malole, wovala majekete onyezimira ngati nsomba. Merryn anazungulira naye dziko lonse pa basi, kuchokera ku Perth mpaka ku Cairns, akugona chokhala, akusita diresi lakuda m'zimbudzi za m'mahotela. Ankaikonda ntchitoyo. Koma akabwera kwathu pa Khirisimasi, Mayi Hocking oyandikana nafe ankasuzumira pa mpanda n'kufunsa mokoma kwambiri: "Merryn, mwana wanga, ndiye udzaimba liti wekha?" Merryn ankaseka, koma funsolo ankalitenga n'kukwera nalo basi.

Chaka china, anthu atatha kukolola tirigu, Shona anabwera kudzaimba pa bwalo lathu la mpira, masana dzuwa likuswa mtengo. Tauni yonse inabwera ndi mipando yopinda, zipewa zazikulu ndi zitumbuwa za nyama ndi mbatata. A Penhall tinakhala kumanzere kwenikweni, pamene pamaonekera kona ya Merryn bwinobwino.

Kuseri kwa nsanja, Shona anatenga chitini cha chakumwa chimene anachisiya chotsegula, n'kupapira. M'katimo munali mavu. Posakhalitsa mlomo wake unali ngati soseji, ndipo chilichonse chimene ankanena chinkamveka ngati ng'ombe ikulira m'thanki.

A Col Brannigan, mkulu wa gululo, woimba gitala wadazi lonyezimira, anatembenukira kwa Merryn. "Iwe, pesa tsitsi. Ukupita kutsogolo."

"A Col, musaseweretse mtima wanga. Ine fesiti sindiidziwa."

"Ukuti chiyani? Nyimbo zimenezi waziimba mpaka basi yathu kukalamba!"

"Ndaimba m'mbali mwake. Pakati sindinapiteko."

"Mwana iwe, usandidwalitse mutu. Anthu onsewo tiwauze azipita kwawo? Ukakana, Shona adzafuna wina woti azitha kumugwirira zikavuta, ndipo ine sindidzakuikira kumbuyo. Tiye!"

Shona anavula jekete lake lonyezimira n'kumuveka, akunena zinthu zimene palibe anamva. Merryn anasuzumira pa nsalu yotchinga. Anaona aphunzitsi ake akale, abusa, wogulitsa nyama, ndi Mayi Hocking pamzere woyamba atatsegula ambulera. Ntchito yake inali pachiswe, ndipo akagwa, agwera pamaso pa anthu amene anamuona akukwawa.

Anatuluka. Anthu atamuzindikira, bwalo linaphulika. "Ndi mwana wa a Penhall! Ndi Merryn!" Magalimoto oimikidwa m'mbali mwa bwalo anaimba mahutala ngati timu yathu yagoletsa.

Mzere woyamba wa nyimbo unayenda bwino zedi, mwatayale. Pa mzere wachiwiri, pakamwa pake panachita zimene panazolowera. Mawu ananyamuka okha, n'kukwera kukakhala pa sekondi, pamalo pake pa masiku onse, kudikira mwini nyimbo amene kunalibe. Zinkamveka zokoma, inde, koma ngati nyumba yokhala ndi denga lopanda zipupa. Anthu anayang'anizana. Nyimbo ankaidziwa, koma sankaipeza.

A Col anazunguliza gitala n'kuyambiranso, dazi lili thukuta kamukamu. Merryn anatseka maso, n'kugwira fesiti ndi mphamvu zake zonse ngati nkhosa yokana kumetedwa. Inamupulumukanso. Ambulera ya Mayi Hocking inayamba kugwedezeka, ndipo sikuti kunali mphepo.

Pamenepo Jory anafuula, pakamwa pali chitumbuwa: "Mer, tsika! Wakweranso mumtengo!"

Merryn anayesa kudzigwira, koma phwete linatuluka, n'kudutsa m'zokuzira mawu zonse mpaka kukamveka kugombe. Anaseka mpaka kugwira mawondo. Ng'oma zinasiya. Atapukuta misozi ndi mkono wa jekete la eni ake, anagwira maikolofoni.

"Anthu akwathu, nanga ndikubisireni chiyani? Mukundidziwa, ndine wachiwiri kubadwa. Achimwene, inu amene mukudziwa kulongolola, taimirirani. Fesiti ndi yanu, gwirani ntchito yanu."

"Ine? Ndikudya!"

"Muzidya mukuimba, kusiyana kwake sikumveka."

Jory anaimirira, chitumbuwa m'manja, n'kuyamba. Mayo ine! Mbalame zinathawa pa mitengo ya magoli. Mwana wina analira. Wogulitsa nyama sanathe kupirira, anayamba kuimba mokweza kuti amukwirire. Abusa anamuthandiza. Kenako mzere wonse, kenako bwalo lonse, aliyense akuimba ndi mtima wonse kuti Jory asamveke. Ndipo pamwamba pa chikhamu chonsecho panatera mawu a Merryn, osalala, owala, atapeza pokhala.

Ku Moonta mabanja a mwambo ngati wathu alipo ambiri. Achitatu kubadwa atamva sekondi ili m'malo, anangolowa ndi tenala osaitanidwa. Madala a ku kalabu anavula zipewa n'kugwetsa besi yoti mipando kunjenjemera. Merryn ankaloza mbali iyi, n'kuloza mbali iyo, akudumpha, nsapato imodzi itavuka, jekete likuthwanima ngati lapsa moto. Nyimbo ikatha ankangofunsa kuti, "Ina iti?" ndipo anthu ankayambitsa okha. A Col ankangothamangira m'mbuyo ndi gitala yawo, akuseka ngati mwana. Mayi Hocking nawo anapinda ambulera n'kuimba, ndipo ndinene zoona, mawu ali nawo.

Atatsika pa nsanja, Merryn anapeza Shona atakhala pa bokosi, atagwiriza madzi oundana pamlomo, maso ali misozi. Kaya kunali kukhudzidwa kaya ululu wa mavu, palibe akudziwa. Anang'ung'udza zinazake, a Col n'kumasulira.

"Akuti ntchito ndi yako mpaka udzachite kutopa wekha. Akutinso mlomowu mawa sukhala utaphwa, ndiye ku Port Pirie uimanso kutsogolo."

"Ku Port Pirie kulibe amene amandidziwa, a Col. Andiyambitsire nyimbo ndani?"

Onse atatu anatembenuka pamodzi. Jory anali pakhomo, akunyambita zala.

Ndi mmene Jory, mlimi wa tirigu, anakwerera basi ya oimba, atavala malaya akuda obwereka osamangika mabatani. Anayenda nawo mpaka mlomo wa Shona unaphwa, ndipo m'tauni iliyonse zinkachitika chimodzimodzi: Jory akangoyamba, anthu ankadzipereka msangamsanga kuti apulumutse nyimbo. Pambuyo pake Merryn anabwerera pa kona yake pafupi ndi ng'oma, mwa kufuna kwake, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Kungoti tsopano pa chionetsero chilichonse Shona amakhala pansi kwa nyimbo imodzi, n'kusiya Merryn kuti athire mang'ombe pa anthu onse.

Jory amauza aliyense kumalo ogulitsira tirigu kuti anaimbapo pa maikolofoni m'maholo akuluakulu. Maikolofoni anam'patsadi. Waya wake a Col sanaulumikize kulikonse, poti mawu akewo ankafika okha mpaka kumpando womaliza. Jory sakudziwa, ndipo sawerenga china chilichonse kupatula za nyengo. Wokamuuza adzayankha kwa ine.