Mmene Ndinalandira Malawi ndi Nandolo

Sabata yathayi ndinalanda dziko la eni. Ndinalibe mfuti, ndinalibe msilikali. Zida zanga zinali nandolo wodzaza manja awiri ndi phala la chinangwa.

Mdzukulu wanga Rozita ali kalasi ya sikisi pasukulu ya kuno kwathu ku Milanje. Mwanayu masamu amakhoza, koma zikafika pa phunziro la mitsinje, mapiri ndi nkhondo zakale, mutu wake umasanduka dengu lobooka. Mayeso apitawo anagwa nalo phunziroli. Aphunzitsi awo, amene anawo amawatchula kuti porofesora, anamuuza mosabisa kuti mwayi watsala umodzi: apange mapu a Mozambiki okongola, apo ayi chaka chamawa adzakhalanso pabenchi lomwelo ndi ana amene iye anawabereka kumbuyo.

Mapu akewo si olemba ndi pensulo chabe. Amafuna katoni, ndipo chigawo chilichonse cha dziko chimatidwe ndi mbewu yakeyake. Rozita anagwira ntchitoyi masiku atatu. Zambeziya wathuyu anamupatsa nandolo, Sofala mpunga, Tete mapira, Nyasa nyemba, Nampula mtedza, mpaka Maputo amene anagawiridwa chitowe. Ine ntchito yanga inali kuphika phala lomatira ndi kudandaula kuti mbewu zanga zikutha.

Lachinayi anamaliza. Anayanika dziko lonse pathandala kuti liume, nandiuza kuti ndiliyang'anire, iye n'kupita kumjigo.

Inu amene mumadziwa mizere ya pamjigo mukudziwa kuti munthu sabwerako msanga. Ine ndinangolowa m'nyumba kukatenga fodya wanga. Potuluka ndinapeza nkhuku yanga ya khosi lopanda nthenga itaima pakati pa dziko, mwendo wina ku Tete, wina ku Nampula, ikudya Sofala mosapupuluma ngati yaitanidwa.

Ndinaigenda ndi chipande. Inathawa, koma Sofala anali atatsala theka, Zambeziya ali mabowo okhaokha.

Ndikanatani? Ndimuuze mwana kuti wabwereza kalasi chifukwa cha fodya wa anganga ake?

Ndinakhala pansi n'kuyamba kukonza. Zilembo sindizidziwa, ndipo mizere ya pensulo maso angawa saionanso, koma bowo ndimalidziwa. Ndakhala ndikusoka zigamba kuyambira ndisanathe msinkhu. Pamene panali mpunga ndinabwezera mpunga, pamene panali nandolo ndinabwezera nandolo. Kenaka ndinaona chibowo china chachikulu, chotsika kuchokera kumtunda pakati pa mapira ndi nyemba, chopindika ngati chinangwa chomera pamwala, mpaka kudzagunda nandolo wathu. Ndinati nkhuku iyi ndi mfiti, yadya mpaka katoni kuyera. Ndinapaka phala, n'kudzaza nandolo bwinobwino, n'kusalaza ndi chikhatho. Dziko linaoneka lonenepa, lopanda chilema. Ndinalikulunga m'chitenje, n'kumanga mfundo ziwiri, ndipo Rozita atabwera ndinamuletsa kumasula, ati mphepo ingalowe. Chilungamo chake n'chakuti ndinkabisa mlandu wa nkhuku.

Lachisanu dzuwa lisanafike pamutu, ndinangoona mwana akubwera, misozi mpaka m'khosi. Anati porofesora akundifuna. Anati atamasula chitenje pamaso pa kalasi yonse anzake anagubuduka ndi phwete, ndipo tsopano akumutchula kuti mtsamunda.

Ndinavala mpango wanga wa kutchalitchi n'kupita.

Porofesorayo ndi mtsikana wa ku Kelimane, waulemu wake, Chinyanja amachiyankhula ngati akuponda minga. Anandipatsa mpando, naika katoni patebulo, n'kuloza chigamba changa chija, akunditchula kuti vovo, ndiye kuti anganga pa Chipwitikizi.

"Vovo, apa mwaika chiyani?"

Ndinati nandolo, wa chaka chino, wosafumbwa.

"Apa ndi Malawi, vovo. Mwameza dziko lonse la anthu."

Ndinayang'ananso. Ndinafunsa ngati akunena Malawi yemweyu wa kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, kumene ndinapita dzana kukagula mchere. Anavomera. Ndinafunsa kuti nanga mbewu yake ndi iti, poti aliyense wapatsidwa yake. Anati alibe mbewu, pamenepo pamasiyidwa popanda kanthu chifukwa si pathu.

Popanda kanthu?

Ndinawauza porofesora kuti m'malo opanda kanthuwo ndinakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhondo itafika kuno tinawoloka mtsinje usanatsike madzi, mbuzi imodzi kutsogolo, mphika pamutu, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Mayi ake a Rozita anabadwira m'bowo limenelo, ndipo mchombo wawo unakwiriridwa momwemo pansi pa mtengo wa mango. Mng'ono wanga anakwatiwa komweko, sanabwerenso. Akadwala ndimapita wapansi, ndikafika phala limene ndanyamula likadali lofunda.

Zonsezi ndinkanena ana onse a m'kalasi akumva. Kamnyamata kena kakumbuyo kanakweza dzanja n'kunena kuti bambo akenso anabadwira m'bowo. Wina anati agogo ake anaikidwa m'bowo. Posakhalitsa theka la kalasi linali la m'bowo, ndipo amene analibe wachibale kumeneko anayamba kuoneka ngati amasiye.

Tsono ndikufunseni inu makolo anzanga, ndi inu aphunzitsi amene mukumva mawu angawa. Ana athu amatchula Limpopo ndi Rovuma ngati mayina a azakhali awo. Afunseni kumene Muloza amachokera, mtsinje umene amachapamo mayunifolomu, muone mmene akukandira m'mutu. Amaloweza mayina a mafumu amene analimbana ndi Apwitikizi kutali uko, ndipo n'zabwino, aloweze. Koma alipo anawauza chifukwa chimene agogo awo amayankhula zinenero zitatu pogula tomato mmodzi?

Ndinafunsanso mdzukulu wa mng'ono wanga, amene amaphunzira kutsidya, kuti mapu awo amaoneka bwanji. Anati Malawi amakhala pakati atapakidwa mitundu, m'mbali monse muli mbee. Ndiye kuti kwa iwo bowo ndi ife. Phiri la Tumbine lonseli, msika wathu, njinga zonse zonyamula chimanga zija, ine ndemwe ndi nkhuku zanga: pepala loyera. Mabowo awiri oyang'anizana, ndipo anthu a m'mabowomo amakwatirana, amaikana maliro, amabwerekana makasu.

Musandimve molakwa, mapu sindikuwanyoza. Ine ndemwe andiphunzitsa. Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti Maputo ali kuseri kwa Mokuba, munthu utalawira ungakadye nkhomaliro kumeneko. Rozita anandiyeza ndi zikhatho pakatoni paja: kuchoka pa nandolo kukafika pa chitowe, zikhatho zinayi ndi zala ziwiri. Kufika m'bowo, ngakhale chikhadabo sichikwana. Mpamene ndinamvetsa chifukwa chake zimene amatilonjeza akuluakulu zimafika zitatopa, zina n'kugona panjira osadzukanso.

Koma za mwana zinali zisanathe. Porofesora anati nkhani yanga ndi yabwino, adzandiitana ndidzaikambe bwino tsiku lina, koma mapu olakwa sangawapatse nota, ndiye kuti malikisi. Anatipatsa mpaka Lolemba kuti Malawi abwezedwe kwa eni ake.

Kunena n'kosavuta. Phala la chinangwa likauma limagwira kuposa simenti. Tinayesa ndi mpeni, katoni inayamba kung'ambika cha ku Tete. Tinayesa kunyowetsa, Nyasa anayamba kufufuma ngati akufuna kumera. Rozita anakhala pansi n'kunena kuti basi, abwereza, ndipo anzake adzamutchula mtsamunda mpaka adzakwatiwe.

Mpamene ndinaiona nkhuku ija ikutisuzumira kuseri kwa nkhokwe.

Tinaphimba Mozambiki yense ndi masamba a nthochi, n'kutsendereza ndi miyala, kusiya poyera chigamba changa chokha. Rozita anagwira masamba, ine ndinagwira nkhuku miyendo n'kuilozetsa mlomo. Abale anga, ntchito imene inatikanika anthu awiri ndi mpeni, iyo inaimaliza madzi a tiyi asanawire. Inatola nandolo mmodzimmodzi kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, osaboola katoni ngakhale pamodzi. Malawi analandira ufulu wake Loweruka masana, kuseri kwa khitchini yanga.

Lolemba Rozita anabwera akuvina. Wakhoza. Porofesora anangodandaula pang'ono kuti malire a kuno kwathu alowa m'kati, chifukwa nkhukuyo pomaliza inabako nandolo atatu a Zambeziya. Choncho inu a pafupi ndi mtsinje, ngati mwadzuka sabata ino n'kupeza kuti muli ku Malawi, musavutike kupita ku boma. Mlandu uli ndi nkhuku yanga.

Mapuwo tsopano apachikidwa m'kalasi, pamwamba pamene mbewa sizifika. Rozita akuti m'bowo muja anzake ayamba kulembamo timayina ndi pensulo porofesora akatembenuka: wina dzina la bambo ake, wina la azakhali, iye la mayi ake. Akuti malo atsala pang'ono kutha.

Ndiye ndiuzeni, inu ophunzira: bowo lodzaza chonchi, mumalitchabe popanda kanthu?