Buledi Wouma wa Agiriki ndi Phazi Langa Lamanzere

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Unali mwezi wa Juni, nyengo imene munthu wa kuno ku Kandeu amatha tsiku osakumbuka madzi, koma ine ndinkamwa kapu pamwamba pa kapu kukhosi n'kukhalabe kouma. Kenaka ndinayamba kutaya madzi pafupipafupi. Mayi a kunyumba, a Nanyoni, anaona nyerere zitaunjikana kuseri kwa khola kumene ndinkakodza, ndipo anandiuza. Sindinasamale. Ndisanabwerere kumudzi kudzalima mbatatesi ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala, choncho za matenda a shuga ndinali nditazimva kambirimbiri. Ndinkangowatenga ngati matenda a anthu onenepa a m'tauni.

Mu Ogasiti ndinadzitema ndi khasu pachala chaching'ono cha phazi lamanzere ndili kudimba. Sindinamve kuwawa. Ndinazindikira madzulo nditaona magazi papatapata. Ndinatsuka ndi madzi a mchere n'kumangapo kansanza. Patapita masabata angapo chalacho chinatupa, chinada, n'kuyamba kununkha.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu namwino anandibaya chala cha dzanja ndi kasingano, nadontheza magazi pakachipangizo koyezera shuga. Anayang'ana nambala, kenaka anayang'ana ine. "Bambo, mwayenda nokha kubwera kuno?" Tsiku lomwelo ananditumiza kuchipatala chachikulu ku boma, kumene anandigoneka.

Moyo wa m'wodi ndi wodikira. M'mawa amakuyeza shuga, kukubaya jakisoni, ndiye udikire madokotala. Akadutsa, udikire otsuka mabala. Akatsuka, udikire chakudya chimene okudikirira akuphika panja. A Nanyoni ankagona kumalo a odikirira odwala, n'kumalowa nthawi yoonera odwala yokha. Dokotala amene ankandiona anatenga cholembera najambula mzere pamwamba pa phazi langa. "Kuda kukadutsa apa, tidula phazi. Kukaima, tichotsa chala chokha." M'mawa uliwonse akamamasula bandeji maso anga ankathamangira pamzerepo. Kuda kunaima. Anachotsa chala, ndipo kumayambiriro kwa Okutobala ananditulutsa ndi mapilisi komanso malamulo: osapondera phazilo, osadya za shuga, kubwera kudzaonetsa bala.

Ndinkaganiza kuti zovuta zatsala kuwodi. Zinali kundidikira kunyumba.

Anandiikira mpando m'chipinda chochezera, phazi pamwamba pa kampando kena. Pamenepo ndiye panali dziko langa lonse. Pazenera ndinkaona anzanga akupita kukasosa m'minda, ine osatha kufika ngakhale kuchimbudzi popanda ndodo ndi phewa la mkazi wanga. Ndiyeno kunayamba kubwera anthu odzazonda matenda.

Kwathu kuno wodwala sumuzonda chimanjamanja. Amayi a kumpingo, abale, anzanga a kudimba, aliyense ankafika ndi kanthu: paketi ya shuga, mabanzi, mandasi, botolo la chakumwa chotsekemera. Sankangosiya n'kumapita. Ankakhala pansi, n'kutsegula botolo, n'kundipatsa m'manja kuti aone ndikumwa, mtima wawo ukhale pansi. Ndikanena kuti adokotala analetsa, yankho linali limodzi: "Kamodzi kokha sikapha munthu." Aliyense ankanena zoona za kamodzi kake. Koma patsiku ankabwera angapo.

Kukana kunali ndi mtengo wake. Tsiku lina mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anabwera ndi thobwa lothira shuga atalisenza kuchokera ku Champiti. Nditapepesa kuti sindimwa, nkhope yawo inasintha.

"Kodi alamu, mukuganiza kuti ndathiramo chiyani? Bweretsani ndichotse ufiti."

Anamwako pamaso pa anthu onse, nandibwezera kapu. Bala losapola kwathu kuno silichedwa kubala mphekesera zoti wina wakulodza, ndipo kukana kapu imeneyo kukanakhala kuloza chala mkazi wa mchimwene wanga. Ndinamwa lonse.

Panalinso njala. Poopa kulakwitsa, a Nanyoni ankandipatsa tiyi wopanda shuga yekha m'mawa. Alendo akamafika ndinkakhala nditalenguka, ndipo banzi m'dzanja la mlendo linkaoneka ngati chifundo cha Mulungu.

Nditapita kukaonetsa bala kumapeto kwa mweziwo, shuga anali atakweranso. Bala linali lonyowa, m'mbali mwake mutayamba kuda. Dokotala anafunsa ngati ndikumwa mapilisi. Ndinavomera. Anafunsa zimene ndikudya, ndipo ndinamufotokozera za alendo. Sanaseke. "Bambo, bala ili silidziwa za ulemu. Likapanda kusintha mubwerera kuwodi, ndipo ulendo uno sitidzakamba za chala."

Sabata yomweyo kunabwera malume anga, a Ngozo, kuchokera ku Mlangeni. Ndi nkhalamba yolankhula mosapsatira, ndipo paunyamata wawo anakhala zaka zambiri ku Joni akugwira ntchito mubekale ya banja lina la Agiriki. Anaona kapu yanga ya tiyi, naona milu ya shuga pakabati.

"Mphwanga, ukudwala kapena watsegula golosale?"

Anandiuza kuti nkhalamba ya Chigiriki imene ankaigwirira ntchito nayonso inali ndi shuga. M'mawa inkadya buledi wa balere wophikidwa kawiri, wouma gwa, wothira mkaka wowawasa wolimba ndi mtedza. "Mkaka wake ndi amasi athu omwewa," anatero malume, kutchula chambiko m'chingoni. "Anthu aja sanatulukire chachilendo."

Balere kuno kulibe. Tinayamba ndi tirigu wa ku Tsangano wogayitsa ndi madeya ake omwe. Pambuyo pake mwana wanga wamkazi anapeza ufa wa balere m'sitolo ina ku Lilongwe, ndipo tsopano timasakaniza theka ndi theka. Malume anaphunzitsa a Nanyoni ine ndikuonera pampando. Ufa amaukanda ndi madzi ofunda, isiti, mchere pang'ono ndi supuni ya mafuta, osathira shuga. Ukafufuma amauphika mupoto pambaula, makala pansi ndi pamwamba, monga tichitira ndi chigumu. Ukazizira amaudula tizidutswa tochindikala ngati chala chachikulu, n'kutibwezera mupoto pamoto wozirala mpaka tiume kuti gwa. Tikauma bwino timasungika m'chitini kwa masabata osachita nkhungu.

Chambiko chosathira shuga amachithira m'kansalu koyera n'kukapachika kuti madzi adonthe, chitsale cholimba ngati phala. M'mawa kachidutswa ka buledi amakaviika m'madzi n'kukavuula msanga. Kakafewa pang'ono amapakapo chambiko, kuwazapo mtedza wokazinga wosinja, n'kuikapo tizidutswa ta pichesi, poti mapichesi anali atayamba kupsa. Kutsekemera konse kumachokera m'pichesimo.

Malume ankafuna kuthirapo uchi, monga ankachitira Agiriki athanzi a m'banja lija. Tinakafunsa namwino wa kuchipatala chathu. "Uchi ndi shuga yemweyo, wangovala jekete," anatero. Analola zidutswa ziwiri zazing'ono za buledi ndi theka la pichesi, nachenjeza kuti buledi wouma nayenso amakweza shuga ukamuchulutsa, ndipo sangalowe m'malo mwa mapilisi.

Tsiku loyamba ndinadya mokayika. Buledi anali wolimba mkati, wofewa kunja, chambiko chowawasa bwino. Mpaka masana sindinamve njala kapena kulenguka.

Nkhani ya alendo anaithetsa ndi malume, poti mawu amene ine sindikanatha kunena, iwo monga mwini mbumba anatha. Anakoka mpando n'kukhala pakhomo. Mlendo aliyense ankamulandira ndi ulemu, n'kulandira mphatso yake ndi manja awiri n'kuipereka kukhitchini. Kenaka ankamuikira m'mbale kachidutswa ka buledi uja ndi chambiko.

"M'nyumba muno wozonda amadya zimene akudya wodwala," ankatero. "Lamulo ndaika ndine. Wokwiya akwiyire ine."

Mlamu wanga atabweranso ndi thobwa, malume anamwa okha kapu yonse, nayamika kaphikidwe. Mlamu analuma buledi asanamuviike m'madzi, nagwira tsaya.

"Malume, mukufuna tikagonekedwe tonse? Uyu wa phazi, ine wa mano?"

Anthu anaseka, mlamunso anaseka. Ulendo wotsatira anabwera ndi mtedza wa m'munda mwawo. Ena sanakondwe, ndipo alipo awiri atatu amene anasiya kubwera. Sindinawasungire mangawa.

Bala silinapole msanga. Linayamba ndi kuuma, kenaka kuda kwa m'mbali kunachoka, mnofu wofiira n'kumera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Ulendo uliwonse wa kuchipatala nambala ya shuga inkatsikako. Mu Januwale, mvula ili mkati, dokotala anamasula bandeji, nasindikiza pachipsera ndi chala chake. "Mutha kupondera tsopano, koma musadzayendenso opanda nsapato, ngakhale m'nyumba."

Lero ndikuyenda ndi mapazi anga onse awiri, zala zisanu ndi zinayi. Shuga sanathe ndipo sadzatha. Mapilisi ndimamwa tsiku lililonse, kuchipatala ndimapita patsiku limene andiuza, ndipo madzulo ndimayang'ana mapazi kunsi ndi pakati pa zala, poti phazi la munthu wa shuga limatha kuvulala mwini wake osamva. Kudimba ndimapita nditavala majombo. Mapichesi akatha timaika gwafa, ndipo buledi ndimaphika ndekha Loweruka.

Ngati mukumva ludzu losatha, mukutaya madzi pafupipafupi, kapena muli ndi bala limene likukana kupola, pitani mukayezetse sabata ino. Kuyeza kwake n'kubaya chala kamodzi basi. Ndikanapita mu Juni, chala changa chikanakhalapo. Ndipo inu amene mukupita kukazonda wodwala, yambani mwafunsa womusamalira kuti adokotala alola chiyani. Wodwalayo akakana kapu yanu, musamuumirize. Mwina akuteteza phazi lake.